Liwu Loti "Ndere" ndi Mlendo wa M'selo

Mphunzitsi wa ku Katuli akati "ndere" amaphatikiza zamoyo ziwiri: mabakiteriya obiriwira, ndi ndere zenizeni, monga zina zimene mbuna zimapala pamiyala m'Nyanja ya Malawi. Ziwirizi zili pachibale. Kalekale selo lina lidameza bakiteriya wotere osamugaya. Iye adakhazikika momwemo nasanduka pulasitidi, kachiwalo kopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Lynn Margulis adalimbikitsa ganizoli mu 1967. Mlendoyo adabwera ndi majini zikwi zingapo, koma pulasitidi ya ndere kawirikawiri imasunga pakati pa 100 ndi 250. Ena adasamukira ku nyukiliyasi ya selolo, ena adatayika. Motero olemba asangoti "kuthandizana". Mawu oyenera ndi "kukhazikika m'kati mwa chinzake", pakuti mlendoyu sangathenso kukhala payekha.