Samsoni pa Mphero ya ku Gaza

Palibe mwana wophunzira katekismu amene sadziwa kuti Samsoni anali munthu wamphamvu. Anyamata akonda kumva za mkango umene anaung'amba ndi manja pa njira ya ku Timna, za nkhandwe 300 zimene anazimanga michira ziwiriziwiri nazithamangitsira ndi moto m'tirigu wa Afilisti, ndi za anthu 1,000 amene anawakantha ndi chibwano cha bulu. Zonsezi zili m'buku la Oweruza, kuyambira mutu 13 kufikira mutu 16. Koma mwezi uno ife tifuna kupita nanu kumene anyamata sakonda kufikako, ndiko ku ndende ya ku Gaza.

Mphamvu yakeyo inali kuti? Ambiri ayankha msanga kuti inali m'tsitsi. Iai. Tsitsi la Samsoni silinali chithumwa chonga zija ena amangira ana m'khosi. Linali chizindikiro cha pangano. Iye asanabadwe, mngelo anaonekera mai wake, mkazi wa Manowa wa ku Zora, amene anali wosabala, namuuza kuti mwanayo adzakhala Mnaziri, ndiye kuti wopatulikira Mulungu, ndi kuti lumo lisadzapite pamutu pake. Mphamvu inali ya Mzimu wa Ambuye, yobwereketsa kuti apulumutse nayo Aisraele, amene Afilisti anawapondereza zaka 40. Nafenso ambirife tinapatulidwa pa ubatizo tili makanda, ena atatiyankhira mau okana Satana. Ndipo pangano lathulo liri lolimba monga la Samsoni.

Tsono Samsoni anakonda mkazi wa m'chigwa cha Soreki, dzina lake Delila. Akalonga a Afilisti anamlonjeza mkaziyo ndalama zasiliva 1,100 kuchokera kwa yense wa iwo, akangofufuza chinsinsi cha mphamvuyo. Taonani bwino m'mene nkhani inayendera. Poyamba Samsoni anamnamiza kuti ammange ndi nsinga zaziwisi 7, anazidula. Kachiwiri anatchula zingwe zatsopano. Anaziduladula ngati ulusi. Kachitatu anati mkaziyo alukire njombi 7 za tsitsi lake pa choombera nsalu. Apa bodza linali litafika kale pamutu, pafupi ndi choona. Ndipo nthawi zitatu zonsezo anadzionera yekha kuti chimene wanena ndicho chimene mkaziyo wachita, koma sanachoke m'nyumbamo.

Ichi ndicho chitidabwitsa ife koposa mkango uja. Munthu amene anazula zitseko za pa chipata cha Gaza pamodzi ndi mphuthu zake, nazisenza mpaka pa phiri loyang'anana ndi Hebroni, analephera kutuluka pa khomo limodzi lotseguka. Mwina ankati mumtima, "Ndapulumuka katatu, ndidzapulumukanso." Mau amenewa tiwamva kawirikawiri: kwa bambo amene ati adzangokhala pambali pa mowa osamwa, ndi kwa mnyamata amene ati kunyumba kuja angopita kukacheza. Eklezia atiphunzitsa kuti wolapa ayenera kutsimikiza kulewa tchimo pamodzi ndi njira yomfikitsa ku tchimolo. Chiswe sichigwetsa nyumba tsiku limodzi. Chidya mzati m'kati, kunja kuli koti see.

Delila atamuumiriza masiku ambiri, Samsoni anaulula. Anamgoneka pa maondo ake, nametetsa njombi zija. Iye podzuka anayesa kuti achita monga kale, osazindikira kuti Mulungu sanalinso naye. Afilisti anamkolowola maso, nammanga ndi maunyolo amkuwa, napita naye ku Gaza, namuika pa mphero kuti azipera. Ntchito imeneyi m'dziko lija inali ya akapolo ndi adzakazi, ndipo amai athu opera mawere adziwa m'mene msana uwawira.

M'ndende momwemo tsitsi lake linayamba kumeranso. Panalibe mngelo, panalibe liu lochokera kumwamba. Panali munthu wakhungu, mwala, ndi masiku otalika. Afilisti sanasamale, pakuti anayesa kuti Mulungu wa Samsoni ali ngati mfumu imene ikachotsa nduna siikumbukanso. Inu amene mwakhala zaka osafika ku sakramenti la kulapa chifukwa cha manyazi, kumbukirani chija akulu anena, kuti mbewa ya manyazi inafera ku una. Kuti mtima wanu ukali kukupwetekani, ndiko kumera kwa tsitsi kumeneko.

Pa chikondwerero cha mulungu wao Dagoni anamtulutsa kuti awaseketse. Nyumba inadzala, ndipo pa denga pokha panali anthu ngati 3,000. Mnyamata womgwira dzanja anamfikitsa pa mizati iwiri yochirikiza nyumbayo, ndipo Samsoni anapempha Mulungu kuti amkumbuke ndi kumlimbitsa kamodzi kokha. Tisabise: pempherolo silinali loyera konse, chifukwa munali kufuna kubwezera maso ake awiri. Komabe linali pemphero la munthu amene tsopano adziwa mwini mphamvu, ndipo Mulungu analimva. Anaweramira mizati, nyumba inagwa, nafa nao ambiri koposa amene anawapha ali moyo.

Wina asatengepo chilolezo cha kudzipha kapena kulipsira. Augustino Woyera, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu, aphunzitsa kuti Samsoni sawerengedwa wolakwa pa imfa imeneyi chifukwa chimodzi chokha, kuti Mzimu amene ankachita zozizwitsa mwa iye anamlamula mobisika. Ndipo Kalata ya kwa Ahebri, mutu 11, imtchula pamodzi ndi Gideoni, Davide ndi Samuele pakati pa anthu a chikhulupiriro, osakumbutsa za Delila.

Anaweruza Aisraele zaka 20. Abale ake ndi onse a pa banja la atate wake anatsikira ku Gaza, nanyamula mtembo wake, nakauika m'manda a Manowa, pakati pa Zora ndi Esitaoli.