WOGULITSA CITSULO COLAKWIKA ANGALIPIRE INJINI YAKUFA

Nyengo yogulitsa cimanga ndi nshawa ikafika, eni magalimoto a m'midzi amathamangira ku masitolo a zitsulo za galimoto ku Chipata, Katete ndi Petauke. Ambiri amaganiza kuti akalipira ndi kutuluka m'sitolo, tsoka lililonse likhala lao. Lamulo la dziko la Zambia silitero ai.

Mwacitsanzo, mlimi afika pa sitolo, achula mtundu wa galimoto yace, caka cace ndi nambala ya injini, napempha fyuluta ya oilo. Wogulitsa ampatsa ya galimoto ina yofanana nayo maonekedwe. Popeza mphira wa fyulutayo sukhala bwino, oilo amatayika m'njira, zitsulo za m'kati zimakhulana zouma, ndipo injini imafa matumba ali pamwamba. Mlandu ndi wa yani?

Lamulo la malonda la caka ca 1893, lochedwa Sale of Goods Act, limene Zambia analandira kucokera ku Britain ndipo makhoti akali kulitsata, linena kuti wogula akafotokoza nchito ya cinthu cimene afuna, nadalira nzeru za mwini sitolo wogulitsa zinthu zotero, cinthuco ciyenera kugwira nchito imeneyo. Cikalephera, khoti lingalamule wogulitsa kubweza ndalama, ndiponso kulipira zimene zaonongeka cifukwa ca cinthuco, monga injini ya mlimi uja.

Lamulo lina la caka ca 2010, Competition and Consumer Protection Act, liletsa kugulitsa katundu wosayenerera nchito imene wogula anachula. Liletsanso eni masitolo kupacika zikwangwani zonena kuti cogulidwa sicibwezedwa. Madandaulo otere amalandiridwa ndi bungwe la Boma la CCPC.

Komabe si nthawi zonse pamene wogulitsa amapezeka wolakwa. Ngati wogula analoza yekha citsulo, nakana malangizo, mlandu wace umakhala wofooka. Makanika amene aona kuti citsulo sicilowa bwino koma acikakamiza, nayenso ali ndi mbali yace. Ndipo woyendetsa amene apitiriza ulendo nyale yofiira ya oilo itayaka asayembekeze kulipidwa zonse, pakuti anaonjezera yekha kuonongekako.

Cotero mlandu umayima pa umboni. Wogula wanzeru amapita ku sitolo ndi citsulo cakale pamodzi ndi buku la galimoto lija lochedwa White Book, ndipo amapempha kuti mtundu wa galimoto ndi nambala ya citsulo zilembedwe pa lisiti. Injini ikafa, asataye citsulo colakwikaco. Apeze makanika wodziwa alembe cimene capha injini, asanaikonze. Ayambe wakambirana ndi mwini sitolo mwaulemu. Zikakanika, apite ku CCPC kapena ku khoti la mejisitileti, lisiti lili m'manja.