ZA AMISIRI OSADZA MITENGO KU MZUZU

Mwezi uno tifuna kukuuzani za ntchito ina imene ambiri aipeputsa, ndiyo ntchito ya amuna aja okwera m'mitengo yaikulu kukasadza nthambi ndi kugwetsa mitengo yoopsa pakati pa nyumba za anthu. Ena amayesa kuti aliyense wokhala ndi chikwanje angathe kuigwira. Iai, si choncho. Ntchitoyi ili ndi mwambo wake, ndipo woulumpha mwambowo amaononga mtengo, kapena denga, kapena moyo wake womwe.

Mzuzu ndi mudzi wa mitengo chiyambire. Unayamba kukula cha m'ma 1947, pamene anatsegula kumeneko minda ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Popeza dzikolo ndi lozizira ndi la mvula yambiri, mitengo imakula msanga. Anthu anabzala bulugamu wochokera ku Australia, paini wonga wa ku Chikangawa, mapeyala ndi mango. Mbande zimene agogo anabzala pakhomo tsopano zapitirira madenga, ndipo nyumba za ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Mchengautuwa zathithikana pansi pake. Mvula ikalimbika, dothi limafewa, mizu imalekerera, mphepo nigwetsa mtengo usiku anthu ali m'tulo.

Tsono taonani machitidwe a mmisiri weniweni. Akafika sayamba ndi kudula. Ayamba wauzungulira mtengo, nayang'ana kumene wapendekera ndi kumene mphepo ichokera. Amagogoda thunthu ndi msana wa nkhwangwa: likalira ngati ng'oma, adziwa kuti m'kati muli mphako. Akaona bowa patsinde, kapena chiswe, kapena dothi lotukuka mbali imodzi, adziwa kuti mizu yadwala. Amayang'ananso ngati muli njuchi kapena mavu, pakuti munthu wolumidwa ali m'mwamba amataya nthambi imene anagwira. Nthambi zikayandikana ndi mawaya a magetsi, sakwera konse kufikira a ESCOM atadziwitsidwa, chifukwa mtengo wauwisi umatenga moto wa magetsi.

Zida zake ndi izi: chikwanje, nkhwangwa, sowo, makwerero, tupa wonolera, ndi zingwe ziwiri zolimba. Chingwe china ndi chodzimangira iye mwini kuthunthu, china ndi chotsitsira nthambi. Wosakaniza ziwirizi adziika m'manja mwa imfa. Ena ali ndi makina ochekera oyendera petulo, amene Andreas Stihl wa ku Germany anayamba kupanga mu 1929. Makinawa amatha msanga ntchito imene nkhwangwa ikadachedwa nayo, komatu nsonga yake ikagunda chinthu amanjanja nabwerera kumaso kwa mwini wake. Chifukwa chake awagwira ndi manja awiri, ndipo wanzeru amavala chisoti cholimba ndi nsapato.

Nthambi yaikulu saidula kamodzi. Ayamba kucheka pang'ono kunsi kwake, pataliko ndi thunthu. Kenaka acheka pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa pamene anayamba, ndipo nthambi imathyoka bwino osasenda khungwa la thunthu. Potsiriza achotsa chitsa chotsalacho, koma asiya kamkombero kotupa kamene kali pamene nthambi imera. Kamkombero ako ndiko mankhwala a mtengo, pakuti khungwa latsopano limachokera pamenepo kudzatseka bala. Kale anthu ankapaka penti kapena phula pabalapo, koma Alex Shigo, katswiri wa mitengo wa ku America, anaonetsa kuti mtengo umadzitchinjiriza wokha m'kati mwake, ndi kuti zopakazo sizithandiza. Mmisiri sachotsa masamba opitirira gawo limodzi la magawo anayi pa chaka chimodzi, popeza masamba ndiwo adyetsa mtengo. Ndiponso sakonda kuudula mutu: bulugamu wodulidwa chotero amatulutsa mphukira zambiri zosagwira bwino, zimene zidzathyoka ndi mphepo patapita zaka zowerengeka.

Mtengo ukafunika kugwa ndithu, ndipo malo ndi opanikiza, mmisiri amayambira kumwamba. Amamanga nthambi, naidula, ndipo anzake apansi, atakulunga chingwe kumtengo wina, aitsitsa pang'onopang'ono. Malo akakhalapo, atema kamwa kumbali imene mtengo ugwere, kulowa ngati gawo limodzi la magawo anayi a thunthu. Pambuyo pake acheka kumbuyo, pamwamba pang'ono pa kamwalo, koma sapyoza: asiya kachigawo kosadula kamene kagwira mtengo monga mahinjesi agwira chitseko, kuti ugwe kumene afuna. Asanayambe walambula kale njira yothawira, chakumbuyo cham'mbali, ndipo anthu onse wawaimika kutali kawiri kutalika kwa mtengowo.

Nanga ife eni makomo, mbali yathu ndi yotani? Poyamba, atate, musatume mwana wanu kukwera peyala ndi chikwanje pofuna kusunga ndalama. Nthambi za peyala ndi zofewa, zimathyoka mosachenjeza. Chachiwiri, amayi, sonkhanitsani ana m'nyumba ya mnansi pa tsiku la ntchitoyo, pakuti ana amathamangira kumene kuli phokoso. Chachitatu, uzani anansi anu ntchito isanayambe, kuti mtengo wa m'malire usadzetse mlandu kwa amfumu. Ndipo mtengo wa m'mbali mwa msewu kapena wa m'nkhalango ya boma, monga ya Kaning'ina, suli wanu. Lamulo la za nkhalango la 1997 liletsa kuudula popanda chilolezo.

Chinanso chimene tikupemphani ndi ichi: mmisiri mumlipire monga munapangana, tsiku lomwelo. Munthu amene wapachika moyo wake pachingwe kuti ana anu agone mosaopa, si woti mumuuze kuti abwere mawa. Ali ndi banja lake, ndipo kumana wantchito malipiro ake ndi tchimo lalikulu, monga tinaphunzira pa katekisimu. Musamfulumize, musamkakamize kukwera mvula ili kugwa kapena mphepo ili kuomba, ndiponso musampatse mowa ntchito isanathe.

Mtengo ukatheka kuchira pousadza, usadzeni, musaugwetse; mthunzi wa zaka makumi atatu sugulidwa pamsika. Koma ukagwa, bzalani wina kutali ndi nyumba. Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo.

Pa mapemphero a madzulo m'banja mwanu, kumbukirani amisiri amenewa. Yosefe Woyera, amene anagwira ntchito ya matabwa ku Nazarete, ndiye nkhoswe ya antchito onse. Awapempherere kwa Mulungu, kuti okwera m'mawa atsike amoyo madzulo.