KUPATSA N'KUIKA: ZA MPHATSO YA MAGAZI KU MTAKATAKA

Mvula ikayamba kugwa, madzi otsika m'mapiri a Dedza amadzaza madambo kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua, udzudzu nuswana, malungo nakula mphamvu. Mwana amene tizilombo ta malungo tamuonongera magazi amafika kuchipatala zikhatho zitayera, akupuma mobanika. Mankhwala angathe kupha tizilomboto, koma sangabweze msanga magazi amene atha. Chomupulumutsa ndicho magazi a munthu wina. N'chimodzimodzinso mayi wotaya magazi ambiri pobereka, ndi wapaulendo wovulala pamsewu wa M5 wodzera m'mbali mwa nyanja.

M'maiko ena mphatso yotere inapitirira pa magazi okha. M'chaka cha 1954 Dokotala Joseph Murray wa ku Boston anachotsa impso mwa mnyamata wina naiika mwa mbale wake wobadwa naye mapasa. Pa 3 Disembala 1967, pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, Dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa Denise Darvall, amene anafa pangozi ya galimoto, m'chifuwa cha Louis Washkansky. Wodwalayo anakhala masiku 18 okha, koma njira inatseguka. Lero ku South Africa munthu amalembetsa dzina ku bungwe la Organ Donor Foundation kuti akadzamwalira ziwalo zake zidzathandize amoyo, ndipo amalangizidwa kuuziratu abale ake, pakuti madokotala satenga chiwalo banja lisanalole.

Kuno ku Malawi odwala impso amathandizidwa ndi makina osefa magazi pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri ofuna impso ina akhala akupita kunja, makamaka ku India, pamodzi ndi mbale wowapatsa impsoyo. Kotero mphatso imene munthu wa ku Mtakataka angathe kupereka lero lino, osayembekeza za m'tsogolo, ndiyo magazi.

Ntchito yotolera magazi ili m'manja mwa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003. Munthu wathanzi wa zaka kuyambira 16 kufikira 65 amalembetsa dzina, amamuyeza kulemera kwake ndi kuchuluka kwa magazi ake, ndipo akapezeka woyenera amam'tenga mamililita pafupifupi 450. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana ngati malita 5, ndipo thupi limabweza otengedwawo pakapita milungu yowerengeka. Singano imakhala yatsopano kwa munthu aliyense. Magaziwo amayamba ayezedwa ngati alibe HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanawatumize m'zipatala.

Chovuta n'chakuti magazi sali ngati chimanga chosunga m'nkhokwe chaka chathunthu; akatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi sagwiranso ntchito. Ndiponso ochuluka a magazi amene bungweli limatolera amachokera kwa ophunzira a m'sukulu za sekondale. Tsono sukulu zikatsekera, nkhokwe imaphwa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimagwa panthawi yomwe malungo ayamba kuvuta. Pamenepo achipatala amapempha abale a wodwala kuti apereke magazi, ndipo banja limayamba kuthamanga uku ndi uku kufuna munthu woyenera, chonsecho wodwala sangathe kudikira.

Nanga akuluakulu amazengereza chifukwa ninji? Mantha a magazi ali ndi mizu yakale m'dziko lino. Pamene anthu ankaphedwa usiku ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, mbiri inawanda yakuti magazi awo akugulitsidwa kunja. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa naphedwa, ogwira ntchito zaumoyo naopa kulowa m'midzi. Ndiponso mitima ya anthu sinaiwale kuphedwa kwa anthu achialubino chifukwa cha ziwalo zawo, nkhanza imene inachititsa Nyumba ya Malamulo kukhwimitsa lamulo la Anatomy Act m'chaka cha 2016. Munthu wa kumudzi akamva za kupereka magazi kapena chiwalo, zimenezi ndizo zimayamba kum'fikira m'maganizo. Sayenera kusekedwa. Ayenera kuonetsedwa bwino kusiyana kwa wakuba wobwera mumdima ndi namwino wobwera masana, pabwalo la sukulu, ndi chilolezo cha Boma, amene satenga kanthu mwini wake asanavomere.

Apa ndipo pali ntchito ya aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma. Mphunzitsi amene amaphunzitsa za kayendedwe ka magazi m'thupi angathe kufotokozanso magulu a magazi amene Karl Landsteiner anawazindikira m'chaka cha 1901, ndi chifukwa chake magazi a mbale nthawi zina sagwirizana ndi a wodwala pamene a mlendo agwirizana. Koma phunziro loposa ndilo kutambasula mkono wake ana akuona. Mlangizi wa zaulimi, kalaliki wa kwa mfumu ndi wapolisi sapita kutchuthi cha sukulu. Iwowa akalembetsa namapereka magazi kawiri kapena katatu pachaka, mpata wa mwezi wa Disembala udzatsekeka.

Dera limeneli linaonapo kale maganizo a anthu akusintha. Pa Mishoni ya Mua, imene Abambo Oyera anaiyamba m'chaka cha 1902, panamangidwa malo osamalira akhate panthawi imene akhatewo ankathawidwa ndi abale awo omwe. Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana ochuluka poyenda m'midzi ndi kukamba ndi nyakwawa ndi makolo. Mawu a mfumu, a mpingo ndi a mphunzitsi akagwirizana, mudzi umamva.

Pa 14 Juni chaka chilichonse maiko amakumbukira opereka magazi mwaufulu. Komatu mwana wodwala malungo kuchigwa amafuna magazi m'Januwale ndi m'Febuluwale. Akale anati kupatsa n'kuika. Wopereka lero sadziwa kuti mawa wogonekedwa pa Mua adzakhala mwana wa yani.