Khukhi wa ku Spain yemwe mphika wake udafika ku Beira

M'midzi yambiri ya ku Mzimba, kuyambira paboma mpaka ku Embangweni ndi Jenda, simulephera kupeza banja lomwe mwana wake ali ku Joni. Ena mwa anyamatawa ndi makhukhi, ntchito yomwe abambo ena kumudzi amati ndi ya amayi.

Komatu José Andrés wa ku Spain, yemwe adabadwa mu 1969, adatchuka ndi ntchito yomweyi. Iye adafika ku America ali ndi zaka 21, m'thumba muli madola 50 okha. Mu 1993 adayamba kuphika palesitilanti ya Jaleo mumzinda wa Washington, ndipo kufupi ndi mzindawu ndi komwe iye ndi mkazi wake adalerera ana awo atatu aakazi.

Chivomezi chitasakaza dziko la Haiti mu 2010, mkuluyu adayambitsa bungwe la World Central Kitchen lophikira anthu omwe agweredwa tsoka. Namondwe wa Idai atawomba mzinda wa Beira mu 2019, miphika ya bungweli idafika ku Mozambique konko.

Choncho mwana wanu akaimba foni kuti wapeza ntchito ya kukhitchini, musamuseke. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.