Mbulu wa khansa womwe sugwirizana ndi utsi wa fodya

Mabanja ambiri a kunyanja kuno ali ndi mbale wawo amene adakwera kumtunda kukagwira utenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ena mpaka m'dera la Mfumu Chulu. Amene adapitako amaudziwa moyo wake: kuthirira nazale m'mamawa, kusoka fodya m'zigafa, kudikira kuti mabelo akagulidwe ku okushoni ya Chinkhoma. Masana akalema, ambiri amapichira chingambwe n'kukoka kuti thupi litsitsimuke. Nkhani ya mankhwala otchedwa erlotinib ikukhudza anthu oterewa kwambiri.

Erlotinib ndi mbulu wakumwa kamodzi pa tsiku, ndipo udayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Tarceva. Boma la America lidauvomereza m'chaka cha 2004 kuti uzithandiza odwala khansa ya m'mapapo, ndipo mu 2005 lidauvomerezanso pa khansa ya chiwalo chimene madokotala amati pancreas. Chiwalochi chili kuseri kwa chifu ndipo ndicho chimatulutsa insulin. Ena amachitcha kapamba, koma si kapamba uja amatupa munthu akamadwaladwala malungo. Mu 2019 bungwe la WHO lidaika erlotinib pa mndandanda wa mankhwala ofunikira m'dziko lililonse.

Mankhwala akale a khansa, aja a m'diripi, amakantha maselo onse amene akuchulukana msanga, abwino ndi oipa omwe, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka. Erlotinib amasankha. Pa khungu la selo pali kachinthu kotchedwa EGFR komwe kamalandira uthenga woti selo ligawikane. Mwa odwala ena kachinthuka kamaonongeka n'kumangolamula kugawikana usana ndi usiku, ngati mpope wofa kapu womwe ungotaya madzi. Mbuluwu umakatseka pomwepo. Munthu amene khansa yake idadza mwa njira imeneyi amatha kuona chotupa chikuphwa, kupuma n'kuyamba kupepuka m'masabata ochepa.

Komatu si khansa ya m'mapapo iliyonse ili chomwechi. Ofufuza adapeza mu 2004 kuti kuonongeka kwa EGFR kumeneku kumapezeka kwambiri mwa anthu omwe sadasutepo, mwa amayi, ndi mwa anthu a ku Asia. Amene wasuta zaka makumi awiri kapena atatu, khansa yake kawirikawiri imakhala ya mtundu wina umene mbuluwu suukhudza. Choncho mu 2016 boma la America lidati pa khansa ya m'mapapo, erlotinib aziperekedwa kwa okhawo amene apimidwa ndipo chotupa chawo chapezeka ndi vuto la EGFR.

Fodya sathera pomwepo. Tinene kuti wosuta wapimidwa ndipo wapezeka kuti mbuluwu ndi womuyenera. Utsi wa ndudu umafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwalawa, kotero kuti otsala m'magazi amatsika ndi theka, mwinanso kuposa. Madokotala adayesapo kupatsa osuta mamiligalamu 300 m'malo mwa 150 wa masiku onse, koma sizidaonjeze phindu. Njira imene idatsala ndi yosiya kusuta basi. Apa ndiye pali ntchito ya banja. Bambo akadwala, ana ndi adzukulu amawamvera chisoni n'kumawagulira ndudu kuti mtima ukhale m'malo, osadziwa kuti akutaya theka la mankhwala amene abale asonkherana movutikira.

Pa khansa ya pancreas tisanamizane. Pa kafukufuku amene adachititsa kuti mbuluwu uvomerezedwe, odwala omwe adaumwa pamodzi ndi mankhwala a gemcitabine adaonjezera moyo ndi pafupifupi masabata awiri okha poyerekeza ndi anzawo. Banja lomwe likuganiza zogulitsa bwato kapena ukonde liyenera kumva zimenezi kwa dokotala lisanagulitse. Ngakhale pa khansa ya m'mapapo, mbuluwu umabweza matenda koma suwachotsa. Mwa ambiri khansa imapeza njira yozembera pakatha pafupifupi chaka, ndipo m'maiko olemera madokotala tsopano amakonda kuyamba ndi mbulu wina watsopano, osimertinib.

Kamwedwe kake kali ndi malamulo. Umamwedwa m'mimba muli mopanda kanthu, ola limodzi munthu asanadye kapena maola awiri atadya. Mankhwala a chilungulira monga omeprazole amaulepheretsa kulowa bwino m'thupi, choncho uzani dokotala chilichonse chimene wodwala akumwa, ndi zitsamba zomwe. Ambiri amatuluka tiziphuphu kumaso ndi pachifuwa, ena amatsekula m'mimba. Tiziphuphuto si chifukwa chosiyira mankhwala mwa inu nokha, koma kubanika kwadzidzidzi kapena kutsekula kosalekeza n'kofunika kuthamangira kuchipatala. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sayenera kumwa. M'mwezi wa Ramadhan, wodwala akambirane ndi dokotala komanso Shehe wake asanasinthe nthawi yomwera, pokumbukira kuti chipembedzo chathu chidamupepukitsira wodwala pa nkhani ya kusala.

Vuto lalikulu kwathu kuno limayamba mbulu usanatchulidwe n'komwe. Chifuwa chosatha, kuonda, makhololo a magazi, zonsezi aliyense amati ndi TB, ndipo nthawi zambiri imakhaladi TB. Koma munthu amene wapimitsa makhololo osapezeka ndi kachilombo ka TB, kapena wamwa mankhwala ake miyezi ingapo osaona kusintha, makamaka ngati ndi wachikulire wosuta, asabwerere kumudzi kukangokhala. Apemphe kuti amuunike pachifuwa ndi kumutumiza patsogolo. Wa kwa Chulu amadzera pachipatala cha boma cha Kasungu kenako Kamuzu Central ku Lilongwe, komwenso kumapita a ku Salima ndi Nkhotakota. Wa ku Mangochi njira yake ndi ya ku Zomba ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ndipo inu amene muli ndi ana ku Johannesburg, musawatume kuti akugulireni mbuluwu pongomva dzina lake. Popanda kupima vuto la EGFR, palibe angadziwe ngati ndi wa wodwala wanuyo.