Ndarama za Boma Zosungira Mabuku ndi Zinthu Zakale

Munthu wocokera pakati pa mzinda wa Blantyre kunka ku Limbe, akafika pa Chichiri, apeza nyumba yosungiramo zinthu zakale za mtundu wa Amalawi. Pabwalo pace paima injini ya sitima yoyendera nthunzi, ndipo m'kati mwace muli zida za makolo, ndarama zakale, ndi mwala uja unagwa kucokera kumwamba m'boma la Machinga m'caka ca 1981. Ana a sukulu amafika kudzaona zimenezi, koma ndi owerengeka amene amafunsa kuti kodi amalipira ndani kuti zinthuzi zisungike. Funso lomweli likhudzanso nyumba za mabuku, ndipo liyenera kuyankhidwa, pakuti nyumba zotere sizibala phindu la ndarama monga sitoro, koma zimadya ndarama caka ndi caka.

Ciyambi ca Nyumba ya pa Chichiri

Maganizo osonkhanitsa zinthu zakale anayamba ndi bungwe la Nyasaland Society, lokhazikitsidwa m'caka ca 1946, limene lero lichedwa Society of Malawi. M'caka ca 1957 Boma linapanga lamulo lokhazikitsa nyumba ya zinthu zakale, niliipereka m'manja mwa kabungwe ka anthu osankhidwa. Popeza panalibe nyumba yaceyace, zinthuzo zinayamba kuonetsedwa m'caka ca 1960 ku Mandala House, nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga m'caka ca 1882.

Nyumba ya pa Chichiri inamangidwa m'caka ca 1965 ndi ndarama zocokera mbali ziwiri: zina kwa Boma, zina ku Beit Trust. Limeneli ndi thumba la cuma cimene anasiya Alfred Beit, munthu amene analemera ndi migodi ya ku South Africa namwalira m'caka ca 1906, ndipo limathandiza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Dr. H. Kamuzu Banda anatsegula nyumbayo pa 29 June 1966. M'caka ca 1981 kabungwe kaja kanathetsedwa, ndipo nyumbayo inasanduka nthambi ya Boma. Kuyambira pamenepo anchito ace ndi anchito a Boma.

Nyumba za Mabuku

Mabuku anayenda njira ina. Lamulo la caka ca 1967 linakhazikitsa National Library Service, ndipo bungweli linayamba nchito m'caka ca 1968. Likulu lace liri ku Lilongwe, koma liri ndi nthambi ku Blantyre ndi m'mizinda ina, ndiponso limagawa mabuku ku masukulu. Ilo si nthambi ya Boma ai; liri ndi akuruakuru ace oliyang'anira, koma caka ciri conse limalandira kwa Boma ndarama zoyendetsera nchito.

Pali nyumba inanso ya mabuku imene siidalira Boma. Society of Malawi imasunga mabuku, zithunzi ndi makalata akale m'cipinda capamwamba ca Mandala House, ndipo imayendera zopereka za mamembala ace ndi mphatso za abwenzi. Motero mumzinda umodzi wa Blantyre muli njira zitatu zosungira cuma ca nzeru: nthambi ya Boma, bungwe lothandizidwa ndi Boma, ndi bungwe loima palokha.

M'mene Ndaramazo Zimayendera

Boma liribe munda wa ndarama. Cimene limapereka ndico cimene latolera kwa anthu mwa msonkho. Mai wa ku Bangwe wogula sopo m'sitoro ya ku Limbe walipira kale msonkho pa mtengo wa sopoyo, cimodzimodzi mphunzitsi amene malipiro ace amadulidwa mwezi ndi mwezi. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene likulu lace liri ku Msonkho House mu Blantyre, limasonkhanitsa ndaramazi, ndipo zimalowa m'thumba limodzi la Boma.

Caka ca ndarama ca Boma cimayamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March. Cisanayambe, nthambi iri yonse ndi bungwe liri lonse limalemba zosowa zace. Nduna ya Zacuma imaziphatikiza, imazidula pamene thumba lacepa, nizipereka ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu azibvomereze. Caka cikatha, wowerengera wamkuru wa cuma ca Boma ali ndi mphamvu yofufuza ngati ndaramazo zinagwira nchito yace.

Ndaramazi ziri za mitundu iwiri, ndipo wofuna kumvetsa nkhaniyi asaisokoneze. Mtundu woyamba ndi wa citukuko: kumanga nyumba, kapena kugula galimoto, zinthu zocitika kamodzi. Mtundu waciwiri ndi woyendetsera nchito: malipiro, magetsi, madzi, mankhwala ophera ciswe, kukonza denga, ndi kugula mabuku atsopano. Mtundu waciwiriwu ulibe mathero.

Pamene Pagona Bvuto

Abwenzi akunja amakonda mtundu woyamba, cifukwa nyumba imaoneka ndi maso, ndipo dzina la wopereka limalembedwa pakhoma. Koma akuru anati mlendo ndi mame. Wopereka amamanga napita, ndipo mlonda, wosesa ndi wosunga mabuku amatsala akuyang'ana kwa Boma. Ndarama za caka zikacepa, malipiro ndiwo amayamba kucotsedwa, kenaka magetsi ndi madzi. Kugula mabuku ndi kukonza nyumba kumadikira zotsala.

Zotsalazo nazo zimafooka kwaca ikagwa mphamvu. Mu May 2022 kwaca inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Popeza mabuku ambiri, ndiponso mapepala osindikizira, amagulidwa kunja, ciwerengero ca ndarama cikhoza kukhala comweco pa pepala, koma mabuku ogulidwa naco nkukhala ocepa.

Nzoona kuti mabungwe onga Book Aid International a ku London amatumiza mabuku aulere, ndipo mphatso imeneyi njoyenera kuthokozedwa. Koma pano mpamene wophunzira za zinenero zathu ayenera kuchera khutu. Mabuku ocokera kunja ali m'Cingerezi. Palibe sitima imene idzabwera nao mabuku a Cicewa, Ciyao kapena Citumbuka, pakuti amenewa ayenera kulembedwa kuno, kusindikizidwa kuno ndi kugulidwa kuno. Nyumba za mabuku zikakhala ndi ndarama zogulira, osindikiza amalimba mtima ndipo olemba amalemba. Zikasowa, buku la cinenero cathu limatha pa msika, ndipo mwana wongoyamba kuwerenga amapeza mashelefu odzaza ndi mau amene sanawamvepo kwao.

Kuzengereza kukonza nyumba nako kuli ndi mtengo wace, ndipo mbiri ya dziko lino icitira umboni. M'caka ca 1919 moto unatentha maofesi a Boma ku Zomba, nuononga makalata ambiri a zaka zoyamba za Nyasaland. Mu December 2015 nyumba ya mabuku ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku zikwi zambiri anasanduka phulusa usiku umodzi. Cakudza siciimba ng'oma. Buku losindikizidwa likhoza kugulidwanso, koma ng'oma ya makolo kapena kalata yolembedwa pamanja ikadyedwa ndi ciswe, palibe ndarama imene ingaibweze.

Kodi Nkoyenera?

Ena amati dziko losauka liyambe lagula mankhwala a ku cipatala ca Queen Elizabeth ndi feteleza, mabuku adikire. Mau amenewa sali opanda nzeru, pakuti wodwala sacira ndi buku. Komabe dokotala wa mawa ndiye mwana wa lero wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, amene kwao kulibe buku kapena nyale yowerengera. Wolemera adzagulira mwana wace mabuku. Wosauka alibe kwina kopita. Cifukwa cace nyumba zimenezi sizingasiyidwe kuti zidzidyetse zokha ndi ndarama zolipira pakhomo, popeza mtengo ukakwera, oyamba kubwerera panja ndiwo omwe zinamangidwira.

Mphunzitsi ali ndi mbali yace pa nkhaniyi. Pamene bungwe lipempha ndarama, umboni wace waukuru ndiwo ciwerengero ca anthu amene alowa pakhomo ndi mabuku amene abwerekedwa. Mphunzitsi wotsogolera ana ace ku Chichiri, wowalembetsa ku nyumba ya mabuku, ndi wofunsa mosatopa mabuku a zinenero zathu, akulimbitsa pempho limenelo. Ndipo phungu wa dera lace akadzafika pa sukulu, nkoyenera kumufunsa mwaulemu kuti caka cimeneco Nyumba ya Malamulo yapatula zingati zogulira mabuku.